Phunziro 17: Mabuku a nkhalango

Tiwerenge

Anzathu, kuno kwathu mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe. Koma ziliko nkhalango zina zimene siziuma. Mvula imagwa kwambiri. Mitengo ndi yaitali, nthambi zake zimakumana pamwamba, pansi pali mthunzi ndi chinyontho chaka chonse. Imeneyo ndiyo nkhalango ya mvula. Zazikulu zili ku Amazonia ndi ku Congo. M'Mozambiki muno ilimonso, pa phiri la Mabu, m'boma la Lugela, chigawo cha Zambézia. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 7,000.

Kodi nkhalango tingaiphunzire kuti?

Choyamba, pa zithunzi. M'chaka cha 2005, katswiri wina dzina lake Julian Bayliss anaona nkhalango ya Mabu pa kompyuta, pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba za Google Earth. Mu 2008 akatswiri ambiri anakwera phirilo kukafufuza.

Chachiwiri, m'mabuku. Akatswiriwo anapeza njoka, agulugufe ndi nadzikambe zimene zinali zisanalembedwe. Anazilemba. Nadzikambe wa ku Mabu anamutcha Nadzikambia baylissi. Tamvani dzinalo! Ndi liwu lathu lomwe limene linalowa m'mabuku a dziko lonse.

Chachitatu, kwa akuluakulu. Anthu a ku Mabu sanadikire kompyuta ayi. Nkhalangoyo ankaidziwa kalekale. Ankasakamo nyama. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ena ankabisalamo. Ndiwo amene analondolera akatswiri aja njira.

Nanga ife alimi zikutikhudza bwanji? Nkhalango imasunga madzi. Masamba ogwa amamwa mvula, mizu imagwira nthaka, madzi amatuluka pang'onopang'ono pa kasupe. Tikadula mitengo ya kumutu kwa mtsinje, madzi amathamanga tsiku limodzi, nakokolola munda. Pofika Okutobala dimba lauma.

Agogo amadziwa mtengo wa mankhwala, mtengo wa njuchi, mtengo wosayenera kudula. Koma agogo akamwalira osalemba, nzeruzo zapita nawo. Dzulo tinkangomva ndi makutu. Lero tikudziwa kulemba. Buku la nkhalango yathu tilemba tokha.

Mawu atsopano

nkhalango, kasupe, chinyontho, katswiri, hekitala

Tikambirane

1. Kodi nkhalango ya mvula ikusiyana bwanji ndi tchire lathu?
2. Mtsinje umene timathirira dimba umachokera kuti?
3. Chaka chatha lupsa linayambira pati? Tikanaliletsa bwanji?

Ntchito

Kooperativa igule kope limodzi. Tiitane agogo awiri, aamuna ndi aakazi, tiyende nawo m'mbali mwa mtsinje. Aliyense alembe mitengo isanu, monga mbawa, mkuyu, katope, muwanga ndi msuku. Alembenso ntchito yake ndi malo pamene ili. Kopelo lisungidwe kwa mlembi, tiziliwerenga pa msonkhano tisanatsegule munda watsopano.

Tilembe m'makope mwathu:

Mtengo wa pa kasupe sitidula.