PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUGULA NDI KUSAMALA PIKAPU YAKALE M'CHIGWA MUNO

Alimi anzanga, chaka chilichonse thonje likagulidwa, ndalama n'kulowa m'thumba, pali funso limene alangizife timalandira ngakhale si la kumunda kwenikweni. Mlimi amabwera nati: "Alangizi, ndapeza pikapu yotsika mtengo ku Limbe, koma mita yake ikuonetsa makilomita 350,000. Ndigule kapena ndisiye?" Ena ofunsawa ndi a m'makalabu amene asonkherana, ena ndi alimi a nzimbe a ku Kasinthula, ena ndi matenanti amene akhala akusunga kwa zaka zingapo. Onsewa ndalama yawo ndi yathukuta, ndipo ikalowa m'galimoto yovunda sibwereranso. Tsono mwezi uno tasiya kaye za mbozi ndi kupopera kuti tikambirane za galimoto.

Yankho langa ndi lakuti nambala ya pa mita siulula zambiri. Chofunika kufufuza ndi kumene galimotoyo yakhala ikuyenda, katundu amene yakhala ikusenza, ndiponso madzi, oyilo ndi mafuta amene yakhala ikumwa. Pikapu imene yatha zaka ikuthamanga pa tala pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ikhoza kukhala yamoyo pa makilomita 400,000, pamene inzake imene yakhala ikuchita matola m'misewu ya fumbi ya kwa Chapananga kapena ya kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga yatheratu isanakwanitse 150,000. Komanso dziwani kuti mita imabwezedwa m'mbuyo ndi anthu achinyengo. Yang'anani labala wa zopondera, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Ngati zimenezi zaperepeseka koma mita ikuonetsa pang'ono, mita ikunama.

Chimene zakale zimakhalitsira

Akuluakulu akumbukira Peugeot 404, Land Rover ndi Datsun zimene zinkanyamula anthu ndi katundu m'chigwa muno kale. Kapikapu ka Nissan 1400 kanapangidwa ku South Africa mpaka m'chaka cha 2008, ndipo Toyota Hilux inayamba kupangidwa mu 1968. Magalimoto otere amakhalitsa chifukwa cha mapangidwe ake. Pa ambiri mwa iwo, thupi limakhala pa chasisi cha zitsulo ziwiri zazikulu, kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ndipo injini yake ilibe zambiri. Injini za dizilo za Toyota zotchedwa 3L ndi 5L zilibe liwiro, pa chitunda zimakwera ngati nkhalamba, koma makaniko wa pa Nchalo kapena pa Dyeratu akhoza kuzimasula ndi kuzimanganso pansi pa mtengo.

Hilux zimene zinatuluka kuyambira cha m'ma 2005, zolembedwa D-4D, zili ndi mphamvu zambiri ndipo sizimwa kwambiri. Vuto lake n'lakuti pampu ndi mainjekita ake safuna ngakhale kachitsotso kapena kadontho ka madzi, ndipo zikadwala zimafuna makina oyezera a ku Blantyre. Kwa mlimi wokhala kutali ndi tala, ine ndimaona kuti injini yosavuta ija ndi imene ili bwenzi, ngakhale ioneke yachikale.

Kutentha ndi madzi a m'chitsime

Pano ndichedwepo, chifukwa injini zambiri m'chigwa muno zimafera pamenepa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40. Injini imaziziritsidwa ndi madzi oyenda m'rediyeta, ndipo rediyetayo imaziziritsidwa ndi mphepo yodutsa m'timipata take. Mphepo ikakhala yotentha kale, rediyeta imagwira ntchito ili pa malire. Pakangochepa kanthu, madzi amawira.

Tsono kuno kwathu timipata timeneti timatsekeka msanga. Ubweya wa thonje wouluka pa msika, phulusa ndi zinyalala za nzimbe zootchedwa, njere za udzu ndi fumbi, zonsezi zimamatirira kutsogolo kwa rediyeta mpaka kukhala ngati bulangete. Sabata iliyonse tsegulani boneti, chotsani zinyalalazo ndi burashi yofewa, ndipo tsukani ndi madzi kuchokera mbali ya injini kupita kunja. Onaninso lamba wa fani ngati walimba bwino, ndi mapaipi a labala ngati sanafufume kapena kung'aluka.

Chachiwiri ndi madzi amene timathiramo. Aliyense adziwa kuti zitsime ndi mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. Mayi aliyense adziwa zimene madzi amenewa amachita ndi ketulo: m'kati mumamera choyera cholimba. Zimenezi n'zimene zimachitikanso m'rediyeta ndi m'injini. Timapaipi timatsekeka, dzimbiri limadya pampu ya madzi, ndipo tsiku lina muvi wa kutentha umangokwera popanda chifukwa chooneka. Thiranimo madzi ogula osakaniza ndi mankhwala a m'rediyeta otchedwa kulanti. Zikavuta, madzi a mvula osefa bwino ndi abwino kuposa a pa mjigo. Pogula galimoto, tsegulani chivundikiro cha rediyeta injini ili yozizira. Mukapeza madzi ofiira ngati a mu Shire nthawi ya dzinja, kapena akuyandama oyilo, ganizani kawiri.

Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho. Amakaniko ena amachotsa themositati, amati kuno n'kotentha kale ndiye siifunika. Kutero n'kungobisa matenda. Ngati injini ikutentha, pali chimene chatsekeka kapena chatha, ndipo chimenecho n'chofunika kuchipeza.

Ndikukumbukira kalabu ina ya alimi a thonje imene inagula pikapu yabwino ndithu. Kwa miyezi inayi ankaithira madzi a pa mjigo m'mawa uliwonse chifukwa inali ndi kodontha pang'ono. Tsiku lina anapakira nyemba ndi anthu kupita ku Blantyre. Atadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, muvi unafika pofiira, koma dalaivala anati tingomaliza chikwezachi. Atayima anathira madzi ozizira m'injini yotentha, hedi n'kung'aluka. Ndalama yokonzera inatha phindu la kalabu la chaka chonsecho, ndipo mamembala ena mpaka lero sayankhulana bwino. Msewu umenewu umakwera mamita oposa 800 kuchokera pansi pa chigwa kufika ku Blantyre, ndipo umaulula nthenda iliyonse imene injini yabisa. Muvi ukakwera, imani pambali pomwepo, dikirani injini izizire, ndipo musatsegule chivundikiro madzi akuwira, angakupsereni nkhope.

Fumbi, oyilo ndi mafuta a m'zigubu

Fumbi likalowa m'injini limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala zitsulo ngati mchenga. Chimene chimaliletsa ndi fyuluta ya mpweya. M'chilimwe iguguleni sabata iliyonse, ndipo ikabooka ngakhale pang'ono gulani ina. Kuyenda tsiku limodzi opanda fyuluta pa msewu wa fumbi kumawononga kuposa kuyenda chaka chathunthu ili m'malo. Oyilo wa injini yakale ya dizilo asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse pamodzi ndi fyuluta yake. Kuthiramo wina pamwamba pa wakale si kusintha.

Mafuta atasowa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, ndiponso atasowanso kuyambira mu 2022, ambiri anazolowera kugula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wabwino, koma wina amakhala ndi madzi, dothi kapena parafini. Parafini alibe kuterera kumene pampu ya dizilo imafuna, choncho pampu imadzidya m'kati. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kokhetsera madzi. Funsani makaniko akuonetseni, ndipo muzikhetsa mwezi uliwonse. Mukakakamizika kugula wa m'chigubu, musiyeni akhazikike usiku wonse, thirani kudzera pa nsalu yoyera, ndipo wapansi musathire.

A pikapu za petulo akumbukire kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina amapangidwa konkuno ku fakitale ya PressCane pa Dyeratu. Mafuta amenewa ndi abwino, koma amakoka chinyontho akakhalitsa m'thanki. Galimoto imene imagwira ntchito nthawi yokolola yokha n'kuimikidwa miyezi yonse ya dzinja imadzavuta kuliza. Muziiliza ndi kuiyendetsa pang'ono sabata iliyonse.

Chinthu china chimene sichioneka ndi lamba wa m'kati mwa injini, amene amakaniko amati taimingi beluti. Pa injini za 3L ndi 5L amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa D-4D zoyamba zija pa 150,000. Lamba ameneyu sachenjeza. Akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo injini imafuna kumasulidwa yonse. Wogulitsa akalephera kukuonetsani pepala losonyeza tsiku limene anasintha, sinthani inuyo sabata yoyamba.

Galimoto zimene zinamira

Chigwa chathu chinasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Nthawi zonsezi magalimoto anamira kapena anakhala masiku m'matope. Ena mwa iwo anatsukidwa, napakidwa utoto, ndipo akugulitsidwa. Galimoto yotere imaliza bwino lero, koma mawaya ake akuola pang'onopang'ono ndipo matope amene anatsalira m'kati mwa chasisi akudya chitsulo.

Musachite manyazi kugona pansi. Tengani kahamala ndi tochi, gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i agwirira. Chitsulo chamoyo chimalira ngati khasu latsopano; chodyeka chimamveka ngati mukugogoda chikuni chofumbwa. Mukaona kuti paotcheredwa chigamba, kapena papakidwa phula latsopano pamalo amodzi okha, funsani chifukwa chake. Tukulani mphasa za m'kati, pisani dzanja pansi pa mpando ndi kuseri kwa dashibodi. Mchenga wosalala wa mumtsinje subisala. Injini yotha ikhoza kukonzedwa kapena kusinthidwa, koma chasisi chovunda ndiye mapeto a galimoto.

Inunso mukawoloka madzi ofika pakati pa matayala, masulani kotsekera oyilo wa difu ndi wa giyabokosi muone. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, ndipo asinthidwe msanga. Madzi akuya kuposa pamenepo musawayese. Injini ya dizilo ikangomwa madzi kudzera kolowera mpweya, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo.

Katundu ndi mabuleki

Pikapu zambiri zinapangidwa kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba nawonso awerengedwe. Ndaona ena akuwonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti galimoto isakhale pansi. Zoona, siikhala pansi, koma mabuleki, mabelingi ndi matayala ndi omwe aja. Thonje nalo lili ndi msampha wake: n'lopepuka, ndiye munthu amasanja mabelo mpaka kupitirira denga, galimoto n'kumapendama pokhota.

Potsika kuchokera ku Blantyre ikani giya yachiwiri kuti injini ithandize kugwira galimoto. Kuponda buleki njira yonse kumatenthetsa mabuleki mpaka amaleka kugwira, ndipo zimachitika mukuyandikira kumunsi, pamene mukuganiza kuti mwafika. Amene amachotsa giya kapena kuzimitsa injini potsika kuti apulumutse mafuta akusewera ndi miyoyo ya anthu amene awanyamula. Mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, chifukwa amamwa chinyontho ndipo akatentha amawira.

Tsiku logula

Musathere ndalama zonse pa mtengo wa galimoto. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera kwambiri. Ine ndimalangiza kuti pa ndalama zimene muli nazo, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale pambali la lamba, oyilo, mafyuluta, batire ndi matayala. Ngati zotsalazo sizikwanira galimoto yabwino, chitani hayala chaka chino kapena pitirizani ndi ngolo. Mbewu, feteleza ndi mankhwala a chaka chamawa zisagulitsidwe chifukwa cha galimoto. A m'kalabu agwirizane dalaivala mmodzi, ndipo m'galimotomo mukhale kope lolembamo tsiku, makilomita, mafuta ndi chilichonse chimene chasinthidwa.

Onani bulubuku, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwamo. Onaninso COF ndi inshuwalansi, ndipo kusintha umwini kuchitikire ku ofesi ya Road Traffic, osati pa kalata ya pamanja yokha.

Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo fikani m'mamawa injini isanalizidwe. Gwirani boneti, ikakhala yofunda, dziwani kuti aitenthetsa dala kuti isavute kuliza, ndipo mubwerenso mawa lake. Ikaliza, imani kumbuyo muone utsi. Wakuda kawirikawiri ndi wa fyuluta kapena mainjekita, ndipo umakonzeka. Wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti injini ikudya oyilo. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ndiye kuti madzi akulowa mosayenera, gasiketi kapena hedi yapita. Solola kachitsulo koyezera oyilo injini ikulira; ngati pakutuluka utsi wambiri ngati wa pa mbaula, maringi atha.

Pomaliza pemphani kuti muiyese pa chitunda chenicheni ili ndi katundu. Kwa ife a kuno palibe poyesera poposa pa Thabwa. Pakirani matumba 15, kwerani masana dzuwa lili pamutu, maso anu ali pa muvi wa kutentha, khutu lili ku giyabokosi ndi ku difu. Mukafika pamwamba imani, yang'anani pansi ngati pakudontha kanthu, kenaka tsikani pa giya yachiwiri muone ngati giyayo sikuthawa yokha. Mafuta a ulendo umenewu lipirani ndinu. Mwini wake akakana kuti galimoto yake ikwere pamenepo, bwererani kumudzi ndi ndalama zanu.