Phwando la Pansi pa Maluwa ku Japan

Anzanga, kuli mtundu wa anthu amene amabzala mitengo yosabala zipatso zakudya, naisamala zaka zambiri cifukwa ca maluwa ace okha, maluwa osatha ngakhale masabata awiri. Anthuwo ndi a ku Japan, ndipo mtengowo amaucha sakura. Angerezi amati cherry.

Dziko lao liri kumpoto kwa Equator, cotero nyengo zao zimasemphana ndi zathu. Pamene ife tirikudya mondokwa m'March ndi April, iwo amakhala akungotuluka m'cisanu. Kukayamba kufunda, sakura amacita maluwa masamba asanaphuke, mtengo wonse mbee, koma mofiirira pang'ono. Pamenepo anthu amatenga zakudya napita kukakhala pansi pace. Mwambowu dzina lace hanami, ndiko kunena kuona maluwa.

Akafika amayala nsaru kapena mphasa, nabvula nsapato monga acitira polowa m'nyumba. Amadya mpunga, nsomba ndi timibulu ta ufa wa mpunga tochedwa dango, totungidwa titatu pa kamtengo: kofiirira, koyera ndi kobiriwira. Akulu amamwa sake, mowa wofulidwa ndi mpunga. Usiku amayatsa nyali m'mitengo, phwando nkumapitirira. Pa munda wa Ueno mu Tokyo anthu amacuruka kotero kuti a m'maofesi amatuma wamng'ono wao kukasunga malo m'mamawa, akulu nabwera madzulo. Nditawerenga ici ndinaseka, cifukwa ndinaona kuti mabvuto a Form 1 ali ponseponse.

Mwambowu unayamba ndi mafumu. Mabuku ao akale amanena kuti Mfumu Saga anacita phwando la maluwa m'munda wa Shinsen-en ku Kyoto m'caka ca 812. Toyotomi Hideyoshi, wolamulira wankhondo, anacita lalikuru ku Daigo mu 1598, namwalira caka comweco. Anthu wamba anayamba kupita mwaunyinji pambuyo pace, makamaka Tokugawa Yoshimune atabzalitsa sakura pa Asukayama mu 1720.

Koma ine cimene candikopa mtima ndico kuwerenga masiku kwao. Mitengo yambiri ya m'mizinda ndi ya mtundu umodzi wochedwa Somei Yoshino. Sabzala njere zace. Amadula kanthambi naimezanitsa pa tsinde lina. Motero mitengo yonseyo iri ngati mtengo umodzi wogawidwa, ndipo ya m'dera limodzi imacita maluwa pamodzi, niyoyola pamodzi. Wocedwa sabata imodzi adzapeza maluwa ali pansi. Mvula ndi mphepo za usiku umodzi zikhoza kuononga phwando limene anthu alidikira caka cathunthu.

Cifukwa cace a ofesi ya zanyengo ali ndi mitengo yao yoyesera. Wa mu Tokyo uli pa kacisi wa Yasukuni. Akaona maluwa 5 kapena 6 atatseguka pa mtengowo amalengeza kuti nyengo yafika. Maluwa amayamba kumwera, ku Kyushu, cakumapeto kwa March, nakwera pang'onopang'ono kufikira ku Hokkaido kumapeto kwa April ndi mu May. Sukulu zao zimatsegulira caka mu April, cotero ana ambiri amayamba kalasi latsopano maluwa ali m'mitengo kapena akuyoyoka.

Tsono taonani ici. Nduna ndi ansembe a ku Kyoto ankalemba m'mabuku ao tsiku limene anacita phwando. Sankaganiza za sayansi konse. Ankangolemba za cakudya, alendo ndi ndakatulo. Mphunzitsi wina wa ku Osaka, Yasuyuki Aono, anafufuza m'mabukuwo nasonkhanitsa masiku a zaka zoposa 1,000. Anapeza kuti kale maluwa ankadzaza mitengo capakati pa April, koma m'zaka za posacedwapa akhala akufulumira. Mu 2021 anadzaza pa 26 March, ndipo m'zolembedwa zonse za m'mbuyomo munalibe tsiku lofulumira cotero. Zifukwa zace ndi ziwiri: dziko lonse lirikutentha, ndiponso mzinda wa nyumba ndi miseu yambiri umasunga kutentha.

Wina angati palibe kanthu, angosuntha tsiku la phwando. Ine sinditero. Mphukira za sakura zimafuna kuzizidwa bwino m'cisanu kuti zidzuke pamodzi kukafunda. Kumwera kweni kweni, monga ku Kagoshima, cisanu cikacepa maluwa amacedwa, natseguka apa ndi apo, ena akuyoyoka ena asanaphuke.