Taifodi ikafika m'matumbo: zoyenera ndi zosayenera kuchigwa cha Shire

Madzi osefukira akaphwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, monga zinalili namondwe wa Ana atadutsa mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, zimbudzi zimakhala zitagwa, zitsime zitadetsedwa. Taifodi imalowera pomwepo. Ikafika sabata yachiwiri kapena yachitatu imatha kuboola matumbo, zam'kati n'kukhutukira m'mimba. Apo moyo umadalira mphamvu ya magazi a wodwalayo.

Choyenera: thupi likatentha, kayezetseni. Mukamaliza mankhwala a malungo a LA koma kutentha osasiya, bwererani kuchipatala.

Chosayenera: kugula makapisozi pagolosale. Taifodi imene inabuka ku Blantyre kuyambira 2011 siyimva mankhwala akale ngati bakitirimu ndi kloramfeniko.

Choyenera: kugona m'neti ndi kuchiza malungo msanga. Mwina mufunsa kuti malungo akukhudzana bwanji ndi m'mimba. Malungo amaswa maselo ofiira a m'magazi, ndipo zotuluka m'maselo oswekawo zimafoola maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo. Komanso zimamwaza ayironi, imene thupi limabisira tizilombo dala chifukwa timakula nayo. N'chifukwa chake mwana wa malungo, woyera m'zikhatho ndi m'zikope, sachedwa kugwidwa ndi tizilombo ta m'gulu la Salmonella, abale ake a taifodi.

Chosayenera: kumwetsa mwana wotentha thupi mapiritsi owonjezera magazi adokotala asananene. Koma bonongwe, nyemba ndi mlamba mpatseni.

Choyenera: mimba ikauma gwa ngati thabwa, wodwala osafuna kukhudzidwa, kapena akamachita chimbudzi cha magazi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kaya ku Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, kapena kuchipatala cha boma, pitani kumene kuli pafupi. Matumbo obooka amasokedwa ndi opaleshoni basi, ndipo ena amatumizidwa mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kukwera zitunda za ku Thabwa. Ulendowo ndi wautali kale, musauwonjezere.

Chosayenera: kusisita mimbayo, kutema mphini, kumwetsa mankhwala otsegula m'mimba kapena kukakamiza phala. Magazi akatayikira m'mimba pamodzi ndi zam'matumbo amasanduka chakudya cha tizilombo, ndipo asilikali aja amachepa mphamvu. Kusisita kumangomwaza zoipazo ponseponse.

Choyenera: katemera. Dziko lino linayamba kubaya katemera wa taifodi mu May 2023, atayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, kumene anateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Tsopano mwana amalandira kusikelo akakwana miyezi 9. Katemerayu amaphunzitsa magazi kuzindikira kachilomboko kasanakhazikike.

Chosayenera: kuleka kuthira klorini m'madzi poti mwana anabayidwa. Kolera sadziwa za katemera wa taifodi.

Choyenera: a Malawi Blood Transfusion Service akabwera kusukulu kapena kutchalitchi, perekani magazi ngati muli bwino. Wodwala amene wataya magazi ambiri m'matumbo sangapirire opaleshoni popanda kumuwonjezera ena.

Chosayenera: kuthawa chifukwa cha mphekesera za anamapopa, zonga zija zinaphetsa anthu osalakwa kummwera kuno mu 2017. Amatenga pafupifupi theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa pakangotha masabata ochepa.