Kupalasa njinga pagulu m'mbali mwa Likangala: zoyenera kudziwa

Ambiri m'boma la Zomba njinga timaidziwa ngati chonyamulira makala, chimanga kapena wodwala. Komatu kupalasa pagulu m'tinjira totsata mitsinje ya Likangala ndi Mulunguzi ndi mankhwala aulere. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata pofuna kuchepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Maulendo awiri, uliwonse wa ola limodzi ndi mphindi 15, akwaniritsa muyeso umenewu.

Musananyamuke, onani mabuleki, tcheni ndi mpweya wa m'matayala. Wina anyamule pampu ndi zomatira chubu. Wodziwa njira atsogole, wina wamphamvu atsalire kumbuyo kuti ana ndi otopa asasiyidwe. Pamsewu waukulu yendani kumanzere mondondozana. M'kanjira kakang'ono, imbani belu ndipo apatseni mpata amayi osenza madzi kapena nkhuni.

M'nyengo ya dzinja musawoloke mtsinje wosefukira. Mvula ikagwa paphiri la Zomba, madzi amatsika mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kuno dzuwa likuwala. Namondwe wa Freddy adagumula magombe ambiri m'mwezi wa Malichi 2023, choncho pewani kupalasa m'mphepete penipeni pamene dothi ndi losalimba.

Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, kumene asodzi ambiri amapezako chakudya. Botolo kapena jumbo yotayidwa panjira imakathera komweko, kotero zinyalala zanu bwererani nazo kunyumba. Mukaona mlatho wothyoka, gombe logumuka kapena mitengo yodulidwa m'mbali mwa mtsinje, dziwitsani khansala wa wadi yanu kapena komiti ya chitukuko ya m'dera lanu kuti nkhaniyo ifike ku khonsolo.