Musanalembe mawu olimbikitsa pa chovala chosambirira, chinyowetseni kaye

Achinyamata ambiri ofuna kuyamba bizinesi ya zovala zosambirira amabwera ndi mfundo imodzimodzi: zovala zathu zithandiza anthu kudzikonda, kuvala zomwe mtima wawo ukufuna, ndi kupeza mtendere wa m'maganizo. Mfundoyi ili ndi pogwira kuno kwathu. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zomwe anavala. Mtsikana amene wakhala pamchenga ku Senga Bay atamanga chitenje mpaka m'khwapa, anzake ali m'madzi, nthawi zambiri saopa nyanja ayi. Amaopa maso a anthu. Kasitomala wanu ndi ameneyo, koma ambiri amamuiwala tsiku lomwe atsegula tsamba la Instagram.

Dzina la bizinesi, kulembetsa kuboma, nambala ya msonkho ku MRA, Airtel Money ndi Mpamba: chitani zimenezi, sizifuna mphunzitsi.

Nsalu ya zovala zosambirira ndi nylon kapena polyester yosakaniza ndi elastane, yomwe ambiri amangoti Lycra, pafupifupi magawo 80 kwa 20. Izitanuka m'litali ndi m'lifupi momwe. Polyester imapirira klorini wa m'madziwe osambiramo a m'mahotela kuposa nylon. Amene akukuuzani kuti musokere chitenje kuti chioneke chachikhalidwe sanasambirepo nacho: thonje limamwa madzi, limalemera, silitanuka. Chitenjecho chikhale chofunda pamwamba potuluka m'madzi. Mufunikanso nsalu ya mkati, lasitiki ya mphira, ulusi wa polyester, singano ya nsalu zotanuka, makina a ovaloko kapena osoka zigizagi. Msoko wowongoka umaduka munthu akangowerama. Ndipo telala wodziwa masuti a ukwati angathe kulephereratu pa nsalu yotereyi, choncho mupatseni chidutswa ayesere musanamupatse mpukutu.

Za ndalama ndingoyerekeza, popeza nsaluyi imachokera kunja ndipo kwacha siikhazikika. Mita imodzi ikhoza kukudyerani pakati pa K20,000 ndi K40,000, ndipo imatulutsa zovala ziwiri, mwina zitatu ngati zili zazing'ono. Kuti muyambe ndi zovala zochepa, telala, mayendedwe ndi zithunzi, musayembekeze zotsika kuposa K1 miliyoni. Kafunseni mitengo sabata yomwe mukugula.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Amasoka chovala chimodzi, amaveka mnzawo wochepa thupi, amamujambula chili chouma pakhonde, amalemba pansi pake kuti "dzikonde mmene ulili", n'kuyamba kulandira ndalama. Chovalacho sichinakhudzepo madzi. Sichinavalidwepo ndi munthu wa mimba, wa mabere aakulu, wa ntchafu zokhuzana. Kenaka amadabwa kuti ogula sabweranso.

Musagulitse chovala chomwe sichinalowe m'madzi chili pathupi la munthu. Pezani anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo a matupi osiyana: wonenepa, woonda, wamtali, mayi wa chipsera cha opaleshoni ya mwana, bambo wa mimba yaikulu ngati mukusokeranso amuna. Pakhale munthu wa khungu lachialubino, amene amafunika manja aatali ndi khosi lotseka chifukwa dzuwa limamuwononga khungu. Pakhale mayi wachisilamu, ngati ambiri a ku Mangochi ndi Machinga, amene akufuna kusambira thupi lili lophimbika. Aheda Zanetti wa ku Australia anasoka burkini mu 2004 chifukwa cha anthu otere, ndipo inafika pogulidwa ndi akazi omwe si Asilamu. Kuvala zomwe mtima ukufuna sikutanthauza kuonetsa thupi kokha ayi. Anthu amenewa alipireni, kapena apatseni chovalacho chikakonzedwa. Musawagwiritse ntchito yaulere m'dzina la ubale.

Pitani nawo kunyanja kapena kudziwe losambiramo, pamalo opanda khamu. Alowe m'madzi, amire, atuluke, aime padzuwa. Apo ndi pomwe choona chimaonekera. Nsalu yoyera, yachikasu kapena yapinki yopanda nsalu ya mkati imaonetsa zonse ikanyowa. Zingwe za pamapewa zomwe zinali bwino chili chouma zimagwa. Kumbuyo kumakwera, kukhosi kumatsika, mtundu umasuluka n'kudetsa thaulo. Auzeni adumphe, anjute, akweze manja, anyamule mwana, asambire pang'ono ndithu osati kungoviika mapazi.

Musadalire zomwe akuuzeni pakamwa. Mmalawi ukamufunsa pagulu kuti chovala chili bwanji amati "chili bwino, zikomo", ngakhale chikumudula m'khwapa. Yang'anani manja ake. Pamene akukoka, akukokanso, akuphimba ndi chikhatho, pamenepo ndiye pali vuto. Akatuluka m'madzi n'kuthamangira chitenje, chovalacho chalephera, kaya pachifuwa mwalemba mawu okoma bwanji. Pambuyo pake mufunseni payekha, ndipo funso likhale lakuti "ndi pati pomwe mukanakonda pasinthidwe", osati "mwachikonda?".

Mukabwerera, konzani, ndipo mubwererenso kumadzi. Inde, kachiwiri. Ambiri amayesa kamodzi, amakonza, n'kuganiza kuti zatha, chonsecho kufupikitsa chingwe kwakweza kumbuyo. Chapaninso chovalacho kangapo ndi kuchiyanika, muone ngati lasitiki yafooka. Ndipo saizi yaikulu simaipeza pongoonjezera mainchi awiri paliponse pa pepala la saizi yaing'ono. Thupi silikula mofanana mbali zonse. Saizi zazikulu zimafuna kudulidwa pazokha, zingwe zotambalala, ndi lamba wogwira pansi pa mabere. Ngati ndalama sizikulola saizi zambiri, chepetsani masitayilo, osati masaizi. Sitayilo imodzi yokwana anthu ambiri iposa isanu yokwana mtundu umodzi wa thupi.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa chovala chikamuvula munthu pagulu, masiku ano a mafoni, chithunzi chake chimafika m'magulu a WhatsApp iye asanaume. Mwamuchititsa manyazi omwe munalonjeza kumuchotsera, ndipo mwamulipiritsa.

Zithunzi zotsatsira zikhale za anthu omwewo, ngati avomera polemba. Musawayeretse khungu, musawachepetse chiuno pa kompyuta. Kampani ya Aerie ya ku America inasiya kukonza matupi a anthu pa zithunzi zake mu 2014, ndiye musamati sizichitika. Munthu akasintha maganizo n'kupempha kuti chithunzi chake chichotsedwe, chotsani osakangana.

Pa mawu, samalani. Chovala sichichiza matenda a maganizo, ndipo musayerekeze kulemba ngati chimachiza. Mukangoyamba kulankhula za nkhawa ndi kukhumudwa, anthu adzakulemberani usiku zinthu zolemera, ena mpaka zofuna kudzipha. Inu ndinu wogulitsa zovala, si phungu. Musanatsatse kalikonse, khalani ndi manambala omwe mwawaimbira nokha n'kutsimikiza kuti amayankhidwa: St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, chipatala cha Zomba Mental, ndi chipatala cha boma cha m'dera la munthuyo. Muyankheni mwaulemu, mulimbikitseni auze wachibale amene amamukhulupirira, mulozereni kumeneko. Nkhani yake musaisandutse yotsatsira malonda. Ngati mwalonjeza kuti gawo la phindu lipita ku ntchito za thanzi la m'maganizo, nenani kuti ndi ndalama zingati pa chovala chilichonse, zipita kuti, ndipo muonetse risiti. Zongoti "gawo lina" anthu anatopa nazo. Pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira thanzi la m'maganizo padziko lonse, si tsiku lotsitsa mitengo.

Pa mtengo simungapikisane ndi kaunjika, musayese n'komwe. Chomwe kaunjika sangachite ndi kuyeza munthu ndi kumukonzera chovala chikapanda kumukwana, ndiye kukonza koyamba kukhale kwaulere ndipo mtengo wake muuwerengeretu. Anthu amakhamukira kunyanja kukatentha, kuyambira Seputembala mpaka pa Khirisimasi. Ngati mukufuna kugulitsa nthawi imeneyo, kuyesa m'madzi kuyambe mu Epulo kapena Meyi, mwera usanayambe kuzizira moti oyesa anu n'kukana kulowa.