Kuphunzitsa Mbiri ya Kwathu ku Mzimba

Kaŵirikaŵiri timapeza ana odziŵa bwino kuti David Livingstone anafika ku Nyanja ya Malaŵi mu 1859, koma osadziŵa zimene zinachitika pa phiri la Hora, kufupi ndi kwao. Mlandu si wa ana ai, ndi wathu aphunzitsi.

Mbiri ya kuno ilipo yambiri. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo mwana wake M'mbelwa ndiye anadzakhazikitsa anthu m'dziko lino. Cha m'ma 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anaukira Angoni nathaŵira pa Hora, pomwe ambiri anaphedwa. Mu 1902 Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Loudon, ku Embangweni.

Phunziroli tiliyendetse motere. Choyamba, tikagwade kwa mfumu kuti itipatse gogo wodziŵa zakale. Chachiŵiri, ana akonzeretu mafunso ao. Chachitatu, ajambule mapu oonetsa boma la Mzimba, Hora, Embangweni ndi Edingeni, kwao kwa Inkosi ya Makhosi. Potsiriza, alembe zimene amva m'mau aoao.

Tisamale pa nkhani ya Hora, pakuti m'kalasi limodzi mumakhala mdzukulu wa Mngoni ndi mdzukulu wa Mtumbuka. Tiitane akuluakulu a mbali zonse ziŵiri, ana ayerekeze okha zimene auzidwa, ife osaweruza.

Tisazengereze. Gogo amene tikumsungira chaka chamaŵa mwina sitidzampezanso.