Amisiri a Magemu Atachoka ku Stadia: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Stadia chinali chiyani, ndipo chinkasiyana bwanji ndi magemu amene achinyamata athu amasewera?

M'tinyumba ta magemu ta pa misika ngati ya Chamama kapena pa boma la Kasungu, zonse zimakhala pamaso: wailesi ya kanema, PlayStation pansi pake, anyamata awiri atagwira zowongolera, ena ataima kumbuyo kudikira kuti wogonja apereke mpata. Gemu imayendera m'makina omwe ali m'chipinda momwemo, ndipo magetsi akakhalapo masewera salephereka. Kampani ya Google inafuna kuchotsa makina amenewo m'nyumba. Inati gemu iziyendera m'makompyuta ake akuluakulu okhala kutali, wosewera azingolandira zithunzi pa intaneti monga amaonera kanema pa YouTube. Akadina batani, uthenga uzipita ku makompyutawo, yankho n'kubwera maso asanaphethire. Ntchito imeneyi anaitcha Stadia. Anailengeza mu Malichi 2019 ku San Francisco, n'kuitsegula pa 19 Novembala chaka chomwecho m'maiko 14, ndipo la mu Africa munalibemo ngakhale limodzi. Inkafuna intaneti yothamanga komanso yosadukiza, ndipo ola limodzi lokha linkatha magigabaiti pafupifupi 4.5 pa zithunzi wamba, kufika 20 pa zithunzi zowala kwambiri. Aliyense amene amagula bandulo ya TNM kapena Airtel atha kudziwerengera yekha.

Nanga amisiriwo anachoka bwanji?

Google inkadziwa kuti njira yopanda magemu akeake siingakope anthu, n'chifukwa chake mu 2019 inalemba ntchito Jade Raymond, mayi wa ku Canada amene anatchuka poyang'anira kupangidwa kwa gemu ya Assassin's Creed ku Ubisoft mu 2007. Anamupatsa nthambi yopanga magemu, yokhala ndi situdiyo ku Montreal ndi ina ku Los Angeles. Mu Disembala 2019 Google inagulanso Typhoon Studios, situdiyo yaing'ono ya ku Montreal komweko. Koma pa 1 Febuluwale 2021, nthambiyo isanakwanitse zaka ziwiri, Google inaitseka. Anthu pafupifupi 150 anakhudzidwa. Mwezi wotsatira Raymond anatsegula situdiyo yatsopano ku Montreal yotchedwa Haven, ndi ndalama za Sony, eni ake a PlayStation. Pofika mu Meyi zinamveka kuti anzake angapo a ku Stadia amutsatira, ena mwa iwo Sebastien Puel ndi Corey May, amene anagwira naye ntchito kalekale pa Assassin's Creed.

Kodi kuchoka kwa anthu otere sindiko kunapha Stadia? Munthu amathawa bwanji ntchito ikafika povuta?

Funsoli limabwera msanga kwa ife amene tinaleredwa kuti wothawa ntchito pakati sadalirika, koma masiku a zochitikazo akuliyankha okha. Amisiriwo sanachoke n'kusiya situdiyo ili chitsegukire. Situdiyo inatsekedwa kaye, ndipo anatseka ndi mwini wake. Amene anatsala ankauzidwa kuti awapezera ntchito zina mkati mwa Google, kutanthauza kuti wojambula anthu a m'gemu kapena wolemba nkhani yake akakhale pa ntchito imene sanaiphunzire. Kuti munthu wotere akhale, ndiye kuti walola luso lake liwole ali moyo. Atolankhani a za magemu analembanso kuti kutatsala masiku ochepa kuti atseke, mkulu wa Stadia, Phil Harrison, anali atalembera antchitowo kalata yowayamikira kuti ntchito ikuyenda bwino. Kukhulupirika kumene tikufuna kwa wantchito, bwana anali ataphwanya kale.

Chachikulu n'chakuti gemu yaikulu siphikidwa tsiku limodzi. Imatenga zaka zinayi kapena zisanu, anthu mazana, ndi ndalama zochuluka zimene sizibweza kanthu mpaka tsiku logulitsa. Google inatsegula msika mu 2019, chaka chomwecho chimene inkalemba anthu oti apange katundu wa pamsikapo. Ngakhale amisiriwo akanagona ku ofesi, gemu yawo yoyamba yaikulu siikanatuluka chisanafike chaka cha 2023. M'malo mwake Stadia inkagulitsa magemu a makampani ena, ambiri mwa iwo opezeka kale pa PlayStation ndi Xbox, pa mtengo wathunthu, ndipo wofuna zithunzi zowala kwambiri ankalipiranso madola 9.99 pa mwezi. Munthu ankafunsa funso lomveka: ndigulirenji gemu imene sindidzaigwira m'manja, kwa kampani yodziwika ndi kutseka ntchito zake ikatopa nazo? Makina okha analibe vuto lalikulu. Pamene gemu ya Cyberpunk 2077 inatuluka mu Disembala 2020 n'kumavuta pa PlayStation 4, pa Stadia inkayenda bwino ndithu. Chimene chinasowa ndi kudekha kodikira amisiri amalize, ndipo ine ndikuona kuti apa m'pamene Stadia inafera, miyezi yambiri Google isanalengeze pa 29 Seputembala 2022 kuti ikutseka, n'kuzimitsadi pa 18 Januwale 2023.

Zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno kwa a Wimbe ku Kasungu, kumene Stadia sinafikeko n'komwe?

Zikutikhudza chifukwa dera lino linaona kale zimene zimachitika mwini malo akaiwala kuti chuma chake chili m'manja mwa anthu. Kwa zaka zambiri lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale. Wololedwa anali mwini esiteti yekha. Mabanja ankachokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena kudzakhala matenanti m'maesiteti a m'Kasungu. Mwini esiteti anali ndi malo, zigafa, laisensi ndi nambala yogulitsira ku okushoni. Koma wodziwa kufesa nazale, wodziwa tsiku limene tsamba lakhwima kuti lithyoledwe, wodziwa kusoka ndi kupachika m'chigafa kuti fodya asapse ndi chinyontho, wodziwa kusankha masamba ndi chala ndi diso asanadinde belo, anali tenanti. Boma litayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale mu 1990, anthu amene anali ndi kamunda kawo anayamba kulima okha m'makalabu, ndipo pasanathe zaka zambiri fodya wochuluka wa bale m'Malawi ankachokera kwa alimi ang'onoang'ono. Maesiteti ambiri anatsala ndi malo ndi zigafa, koma fodya wabwino anapita ndi amene ankamudziwa. Google nayo inatsala ndi makompyuta amphamvu kuposa a Sony, pamene anthu odziwa kupanga chinthu chokopa wosewera anali atawoloka msewu ku Montreal komweko.

Koma Haven inagulidwa ndi Sony. Kodi amisiriwo sanangosintha bwana basi?

Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sindingawakane onse. Sony inalengeza kuti ikugula Haven mu Malichi 2022, patangotha chaka chimodzi. Mu Meyi 2023 situdiyoyo inalengeza gemu yake yoyamba, Fairgame$, koma pamene Raymond ankachoka ku Haven mu Meyi 2025 gemuyo inali isanatuluke. Amene amaganiza kuti kuchoka ku Google kunali kulowa m'dziko la mkaka ndi uchi akulakwitsa. Komabe pali kusiyana pakati pa mabwana awiriwa. Sony imadya za magemu. PlayStation ikagwa, kampaniyo yavulala kwambiri, choncho imakakamizika kupirira ndi amisiri ake. Google imadya za malonda otsatsa pa intaneti, ndipo inatha kutseka Stadia, kubweza ndalama kwa amene anagula zipangizo ndi magemu, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Kubweza ndalamako kunali chilungamo ndipo n'koyenera kukuyamikira, koma kukuonetsanso kuti kwa Google nkhani yonseyi inali yaing'ono. Mmisiri amene wapereka moyo wake ku luso limodzi achita bwino kugwira ntchito kwa bwana amene amaluza tulo ntchitoyo ikavuta.

Ndipo si onse amene anapita kwa bwana wina. Anthu a Typhoon Studios, amene Google inawagula n'kuwatseka pasanathe miyezi 14, anatsegula situdiyo yawo yotchedwa Raccoon Logic mu 2021. Anakambirana ndi Google mpaka kutenganso umwini wa gemu yawo, Journey to the Savage Planet, ndipo mu Meyi 2025 anatulutsa gawo lachiwiri, Revenge of the Savage Planet. Gemu imene ikanafera m'mafaelo a kampani ina inafika kwa osewera chifukwa eni luso anakana kumwazikana.

Ndiye kuti aliyense amene ntchito yamuvuta angochoka?

Ayi, ndipo apa m'pofunika kunena mosabisa. Sony inapereka ndalama chifukwa cha dzina la Raymond, ndipo ena mwa amene anamutsatira anali anthu amene anawadziwa kwa zaka zoposa khumi. Pa anthu 150 aja, ambiri analibe dzina lotsegula zitseko chomwecho. N'chimodzimodzi kwathu kuno: tenanti amene anali ndi munda kwawo anatha kuchoka kuyambira mu 1990, koma amene anachokera kumwera kopanda malo anatsala, akudya chimanga cha ngongole chodulidwa pa fodya wake, kufikira Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, ndipo ngakhale pamenepo moyo wa ambiri sunasinthe msanga. Luso limayenda ndi mwini wake, koma kuti ayende pamafunika pokafikira. Ku Montreal pokafikira palipo chifukwa kuyambira pamene Ubisoft inatsegula situdiyo kumeneko mu 1997, boma la Quebec lakhala likuchepetsera msonkho makampani a magemu, ndipo masitudiyo anachulukana mu mzinda umodzi. Situdiyo imodzi ikatsekedwa, munthu amapeza ina osasamutsa ana pa sukulu. Wachinyamata wa ku Kasungu amene akuphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta lero alibe mwayi wotere, ndipo akachoka pa ntchito nthawi zambiri amachokeratu m'dziko, kupita ku Johannesburg kapena kutali. Amene amadandaula kuti ana athu ophunzira akuthawa ayambe afunsa kuti pakhomo pano tawakonzera malo angati oti asankhepo.

Kodi kusewera magemu kudzera pa intaneti kunathera pa Stadia?

Sikunathe, ndipo amene anatsala akutsimikiza mfundo yomweyi. Microsoft ikupitiriza ndi Xbox Cloud Gaming chifukwa ili ndi magemu akeake. Mu Seputembala 2020 inalengeza kuti ikugula ZeniMax, eni ake a Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni, ndiye kuti inagula amisiri ndi ntchito zawo zomalizidwa kale. Nvidia, ndi GeForce Now, inasankha njira ina: siipanga magemu, koma imakulolani kusewera amene munagula kale m'masitolo ngati Steam, moti ikadzatseka mawa magemu anu adzakhalabe anu. Ntchito imeneyi inafika ku South Africa kumapeto kwa 2023 kudzera mu kampani ya rain, ndi makompyuta oikidwa m'dziko momwemo kuti uthenga wa batani usamayende mtunda wautali. Kuchokera pa Chamama mtundawo ukadali wautali, ndipo mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi zikupangitsa kuti PlayStation ya m'kanyumba ka pa msika ikhalebe njira yotsika mtengo kwa zaka zikubwerazi.